Injini yokokera katundu pamitunda ya Rufunsa

Anthu obwera pagalaja panga kuno ku Rufunsa safunsa za liwiro. Funso lawo ndi limodzi: "Amisiri, nditasenza matumba a chimanga, ngolo kumbuyo, kodi pamtunda wa Manenekela ndikwera?" Msewu wa Great East kuchokera ku Luangwa Bridge ndi mitunda ndi makhotakhota okhaokha, moti galimoto yolemedwa imakhalitsa pa giya yachiwiri.

Zomwe ndimagwira kwambiri ndi ma Land Cruiser akale a petulo, a injini ya 2F ya masilinda 6, malita 4.2, imene Toyota idayamba kupanga mu 1975. Injiniyi ndi ng'ombe yapagoli. Mphamvu yake yokokera imafika pachimake ikamazungulira pang'onopang'ono, cha m'ma 1,800 pa mphindi, ndipo ntchito yanga yonse imagona pamenepo.

Achinyamata amathamangira kabureta yaikulu ndi paipi yautsi yotakata. Ine ndimakana. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, mpweya umadutsa mwaulesi pakhosi lotakasuka, sukoka petulo wokwanira, ndiye ukaponda moto galimoto imatsamwa m'malo motumpha. Phokoso lokha ndiye limachuluka! Kabureta yake ya Aisan ndi yokwana, bola uitsuke, usinthe magasiketi, ndipo kapampu kopopera petulo ukaponda mwadzidzidzi kakhale kamoyo. Posankha majeti ndimakumbukiranso kuti Lusaka ili pamwamba, mamita opitirira 1,200, pomwe chigwa cha Luangwa chili pansi kwambiri. Jeti yaing'ono yoyenera mpweya wopepuka wa ku Lusaka imamana injini petulo ikatsikira kuchigwa, ndipo imatentha.

Koma kabureta sindiyamba nayo. Ndimayamba ndayeza kompuleshoni, chifukwa ngati maringi adatha kapena valavu idapsa, zina zonse n'kutaya ndalama. Kenako ndimatchera mavalavu injini ili yotentha, ndi kubwera pa distributor. Apa mpamene mphamvu zambiri zimatayikira: mapointi odyeka, timasipulingi tam'kati tomata ndi dzimbiri, kapaipi ka vacuum kong'ambika. Taimingi ndimaikankhira patsogolo pang'onopang'ono, n'kukwera mtunda ndi katundu khutu lili tcheru. Ndikangomva "ngwe-ngwe-ngwe" m'kati, ndimabweza msanga, poti kulira kumeneko kumaboola pisitoni.

Matayala aakulu amakongoletsa galimoto koma amaba mphamvu. Bwererani pa 7.50 x 16, ndipo ngati difu yanu ndi ya 3.70, funani ya 4.11. Galimoto idzamwa petulo wochulukirapo pang'ono pamsewu wosalala, komabe mtunda mudzaukwera osapsereza kilatchi. Redieta nayo itsukidwe, makamaka mwezi wa October dzuwa likamaswa mtengo.

Eni galimoto ambiri amakwinya nkhope ndikawauza kuti tikonzenso mabuleki. Bambo, ngolo imene mwakwera nayo mutsika nayonso, ndipo idzakukankhani kumbuyo. Tsikani ndi giya yomwe munakwerera, ndipo musabwere kwa ine kudzafuna mphamvu mabuleki asanakonzedwe.