Kalata ya ku Germiston: Mphika wa Mkuwa Sudikira Magetsi

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Germiston, kum'mawa kwa Johannesburg, dera lomwe agogo athu a nthawi ya Wenela ankalidziwa ndi migodi ya golide. Milu yachikasu ya dothi la m'migodi idakalipo, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikauka fumbi lake limatipeza mpaka m'mbale ya nsima. Golide amayengedwabe kuno ku Rand Refinery, koma ife a m'mafakitale a ku Wadeville timadya za mkuwa. Ndinafika kuno mu 2009 ngati wosesa ndi wonyamula mchenga. Lero ine ndi mnzanga wina Mzulu tili ndi kang'anjo kathukathu, ndipo timalipira anthu 11 kumapeto kwa mwezi, mwezi ukakhala kuti watikomera.

Kwathu liwu ndi limodzi: mkuwa. Kuno ukangoti mkuwa, kasitomala amakufunsa kuti uti. Kopa ukamusakaniza ndi zinki umapeza brass, wachikasu uja wa mipopi, maloko ndi zogwirira zitseko. Ukamusakaniza ndi tini umapeza bronze, wofiirira, wolimba, wosatha msanga ndi kukhulana, ndiye wa mabushi a makina a m'migodi, mapampu a madzi ndi mabelu a tchalitchi. Ife makamaka timaumba mabushi ndi mavalavu. Timapanga chikombole cha mchenga, kusungunula chitsulo pa madigiri opitirira 1,000, kuthira, kudikira chizizire, kenako kuphwanya mchenga ndi kukasalaza pa makina. Wothira brass umamudziwa ndi utsi woyera wa zinki umene umatuluka mumphika. Ukaupuma wambiri, usiku umanjenjemera ngati wagwidwa malungo, m'mawa n'kudzuka bwinobwino. Achinyamata obwera kumene samva za chotseka pamphuno mpaka usiku woterewu uwapeze.

Pa wailesi akuti chuma cha South Africa chikudzuka. Sindikutsutsa. Ndinalipo pa 27 Malichi 2020 pamene dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ng'anjo n'kuzizira kwa milungu, ife n'kumagawana ufa. Ndinaliponso mu 2023, chaka chomwe magetsi ankathima pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola khumi kapena kuposa. Ndiye pamene kuthimitsa kuja kunaleka kumapeto kwa Malichi 2024, n'kutha miyezi pafupifupi khumi osabwereranso, tinamva ngati munthu amene wamuchotsa mwala mu nsapato. Maoda anayamba kubwera. Ogula akale, omwe anasowa zaka zitatu, anayamba kuimba foni ngati tinasiyana dzulo.

Koma kudzuka kwa chuma kumeneku kumafika pakhomo la wosungunula mkuwa kutavala zina. Dziko lonse lapansi likafuna kumanga, kuyala mawaya ndi kupanga magalimoto a magetsi, limafuna kopa yemweyo amene ine ndikumufuna. Mu 2020 tani ya kopa pa msika wa ku London inatsika mpaka pansi pa madola 5,000. Mu Meyi 2021 inadutsa 10,000, ndipo mu Meyi 2024 inafika cha ku 11,000. Tini ndiye musanene, mtengo wake umaposa wa kopa katatu kapena kuyandikira pamenepo. Wogulitsa chitsulo amafuna ndalama yake lero, katundu asanatsike m'galimoto. Wogula mabushi, makamaka kampani yaikulu, amalipira pakatha masiku 60, ena 90, ndipo ukamukumbutsa amati fomu ina sinasainidwe. Choncho oda yaikulu, yomwe munthu wakunja angaiyese madalitso, kwa ife ndi ngongole. Umapita kubanki, komwe chiwongoladzanja chinakhala pa 11.75 peresenti kuchokera mu Meyi 2023 mpaka Seputembala 2024. Magetsi nawo anakwera mtengo ndi 18.65 peresenti mu 2023, n'kukweranso ndi 12.74 chaka chotsatira. Mwezi umene tinagulitsa kwambiri kuposa miyezi yonse ndi womwewo umene ndinabwereka ndalama ya lendi kwa mkazi wanga.

Chitsulo chambiri chomwe timasungunula ndi chakutha: mipopi yakale, maradiyeta a magalimoto, mavalavu osweka, ndi tizinyenyeswa totsala pa makina athu, tomwe timasesa ndi kusunga m'migolo ngati chimanga. Apa ndi pamene pali nkhani imene yandichititsa kugwira cholembera.

Tsiku lina Lachinayi m'nyengo yozizira, magetsi atakhazikika kale, tinali ndi makilogalamu 300 a bronze mumphika, atasungunuka bwino, zikombole zili pamzere. Magetsi anangoti phi. Panalibe ndandanda iliyonse ya kuthimitsa tsiku limenelo. Pa nthawi ya ndandanda tinkadziwa ola, tinkakonzekera. Ulendo uno ndi akuba amene anakumba chingwe mumsewu wakuseri. Ng'anjo ya magetsi ikathima chitsulo chili m'kati, muli ndi mphindi zochepa zokha. Tinapendeketsa mphika ndi manja, amuna asanu pa tcheni, kuthira zikombole zinayi, zotsalazo m'zotengera zilizonse zomwe zinali pafupi. Mkulu wathu wa zikombole, bambo wa ku Dedza amene wakhala pa ntchitoyi zaka zoposa zanga, anangoti, “Achimwene, musathamange, mkuwa sukonda wothamanga.” China chinauma mumphika momwemo, ndipo tinatha masiku awiri tikugomola ndi tchizulo. Chiwiya cha m'kati mwa ng'anjo chinang'aluka, tinagula china.

Patapita sabata, pageti panafika mnyamata ndi ngolo ya m'sitolo, yophimbidwa ndi bulangete. Pansi pake panali waya wa kopa wakuda bii, wonunkha pulasitiki wowotchedwa. Mtengo wake unali theka la wa kwa ogulitsa ovomerezeka. Sindinganene kuti chinali chingwe chathu chija, koma ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Lamulo la katundu wogwiritsidwa kale ntchito la mu 2009 limaletsa kusunga waya wowotchedwa chotere, ndipo limafuna kuti wogula zitsulo zakutha alembe dzina ndi chiphaso cha aliyense womugulitsa. Mnyamata uja ndinamubweza. Sindikunena izi podzitama: mnzanga uja anatha tsiku lonse akuwerengetsera ndalama yomwe tinaitaya pagetipo, ndipo masamu ake anali olondola. Mnyamatayo sanayende mtunda wautali, chifukwa ogula osafunsa mafunso m'dera lino sasowa.

Boma linayesapo kuthana ndi kuba zingwe kumeneku. Kumapeto kwa Novembala 2022 linaletsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kutumiza kunja zitsulo zakutha za kopa, kenako linawonjezera nthawiyo. Kwa ife osungunula zinathandiza pang'ono, chifukwa katundu ankatsala m'dziko muno. Kwa otola zitini ndi mawaya m'mabini, ambiri mwa iwo abale athu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho, mtengo unagwa, nsima n'kuchepa. Kukumba zingwe sikunathe. Amene amayenda pa sitima akudziwa mmene njanji za kuno zinavulidwira mawaya mu 2020, masiteshoni ena n'kutsala makoma okhaokha.

Madzulo ndikamabwerera kunyumba ndimadutsa pa mlatho wa msewu wa N3. Pansi pake pamadutsa mathiraki ochokera ku Zambia ndi ku Congo, atanyamula kopa watsopano kupita kudoko la Durban, ena ali ndi galimoto ya alonda kumbuyo. Kopa ameneyo sitimukhudza, ndi wa ena a kutsidya kwa nyanja. Ife Lolemba tili ndi oda ya mabushi 40 ya pampu za mgodi wina wa ku Rustenburg, ndipo chitsulo chake ndi mipopi yakale ya hotela ina yomwe akuigwetsa m'tauni. Bambo a ku Dedza aja ayamba kale kusankha: wachikasu mgolo uwu, wofiirira mgolo uwo, ndi maginito m'manja kuti chitsulo wamba chisalowerere.

Ndine wanu,
Wokhala ku Germiston