Pa Njinga M'nkhalango ya Karura

Sabata ino taikani pambali singano ndi mthiko, pakuti ndifuna kukutengani pa ulendo. Koma tisananyamuke ndiyambe ndakufunsani: kodi njinga munaikwera liti komaliza? Sindikunena zokhala pa kaliyala wa kabaza thumba la ufa lili pamiyendo ayi, koma inu eni kugwira mahandulo ndi kupalasa. Ndidziŵa kuti kwa ambiri a inu kumudzi njinga ndiyo miyendo yanu, pakuti ndiyo imakufikitsani kuchigayo, kumsika ndi kusikelo ya ana. Koma ndidziŵanso kuti ambiri, makamaka ife a m'tauni, tinaileka kalekale, ndipo chimene chinatileketsa si ukalamba koma kuopa galimoto.

Ine ndine mmodzi mwa otere. Zaka zoposa 20 zapitazo lole ina inandidutsa pafupi kwambiri pamsewu wa tala, ndipo mphepo yake inandigwetsera m'ngalande. Mabala a m'mawondo anapola msanga, koma mtima sunapole. Njinga ija ndinakaitsamiritsa m'chipinda chosungira katundu, ndipo inakhala momwemo mpaka akangaude anamangapo nyumba zawo.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndipo amagwira ntchito ku Nairobi, likulu la dziko la Kenya, ndiye ndinapita kukamuona pamodzi ndi adzukulu. Tsiku lina madzulo anandiuza kuti, "Amayi, maŵa mudzuke msanga, tikapalase njinga." Ine ndinamuyankha kuti, "Iwe mwana, wandiitanira kudzandipha kodi? Mumzinda uno?" Mukadaona misewu ya Nairobi mukadandimvetsa, pakuti maminibasi amene eni ake amati matatu ndi njinga zamoto zonyamula anthu zimapanikizana ngati nyerere pa fupa. Iye anangoseka nati, "Kumene tikupitako kulibe galimoto."

Malowo ndi nkhalango ya Karura. Ili kumpoto kwa mzindawu, makilomita oŵerengeka okha kuchokera pakati pa tauni, moyandikana ndi dera la Gigiri kumene kuli maofesi a United Nations. Kukula kwake ndi mahekitala opitirira 1,000, ndipo inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1932. Msewu wa Limuru unaidula paŵiri: mbali yaikulu ndiyo imatchedwa Karura, ina yaing'ono Sigiria. Mukafika mumalipira pachipata, galimoto n'kutsala pamalo ake oimikapo, ndipo kuyambira pamenepo njira zonse, zimene pamodzi zimapitirira makilomita 50, ndi za miyendo ndi njinga. Amene alibe njinga amabwereka pomwepo ndi ndalama, monga ndinachitira ine.

Njinga ya mwana wanga ndi ya mtundu umene watchuka zaka zino, wopangidwira njira zadothi ndi timiyala, umene pa Chingerezi amati gravel bike. Mukaiona patali mungaiyese ya mpikisano, chifukwa ndi yopepuka ndipo mahandulo ake anapindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Kusiyana kuli pa matayala: ndi onenepa, ena mamilimita 40 m'lifupi, ndipo ali ndi timano togwira nthaka. Ilinso ndi magiya ofeŵetsa chitunda. Nditaiyang'anitsitsa ndinaseka chamumtima, pakuti njira zimene anzathu amazigulira njinga yapadera ndi zomwe zija inu amayi a kumudzi mumapalasamo tsiku ndi tsiku pa njinga yakuda ya abambo, mwana ali kumbuyo.

Ndisakubisireni, poyamba miyendo inanjenjemera. Njinga inayenda mokhotakhota ngati yoledzera, ndipo mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zinayi anafuula kuti, "Agogo, musayang'ane tayala, yang'anani kutsogolo!" Ndinamvera. Titayenda pang'ono ndinazindikira kuti mapewa anga, amene ndinawaumitsa podikira hutala kumbuyo, ayamba kumasuka. Hutalayo sinalire. Chimene chinkamveka ndi matayala pa timiyala, phokoso lake ngati chimanga chikukazingidwa m'phale, ndiponso mbalame m'mitengo. Thupi, amayi anzanga, siliiŵala chimene linaphunzira pa utsikana.

Mukadzapitako mudzaona dothi lofiira ngati katondo wa kwathu, ndi njira zina zotakata zoti anthu atatu n'kuyenda mogundana mapewa, zina zopapatiza zoloŵa mumthunzi wa mitengo yachilengedwe ndi nsungwi. M'malo ena muli bulugamu amene anabzalidwa kale, ndipo osamala nkhalangoyi akhala akumuchotsa pang'onopang'ono ndi kubwezeretsapo mitengo ya makolo. Pa mphambano pali zikwangwani za manambala kuti mlendo asasochere. Mpweya ukakutherani pa chitunda musadziyese odwala: Nairobi ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa Lilongwe ndi mamita mazana angapo. Ine ndinatsika kaŵiri ndi kukankha njinga, ndipo palibe anandiseka.

Tinaima pa dziŵe lotchedwa Lily Lake, lodzala ndi maluŵa a kakombo. Pambuyo pake tinasiya njinga pamtunda ndi kutsetserekera kumtsinje wapansi, chifukwa kumeneko njira ndi yoterera. Kuli mathithi otalika mamita 15, ndipo mukatsata mtsinjewo mumafika pa mapanga amene akuti ankhondo a Mau Mau ankabisalamo m'zaka za m'ma 1950, pamene ankalimbana ndi ulamuliro wa atsamunda a ku Britain. Pobwerera mbaŵala inadutsa njira patsogolo pathu mosafulumira, ndipo m'mwamba munali anyani akuda a ubweya woyera wautali otchedwa colobus, amene anachita kubwezeretsedwa m'nkhalangoyi atasoŵamo kwa nthaŵi yaitali. Zonsezi zili pakati pa mzinda wa anthu oposa mamiliyoni anayi.

Tsono mwina mukufunsa kuti zinatheka bwanji kuti malo aakulu chotere atsale, pamene aliyense mumzinda amafuna poika nyumba. Yankho lake ndi mayi mnzathu, Wangari Maathai. Iye anabadwa m'chaka cha 1940, ndipo mu 1977 anayambitsa bungwe la Green Belt Movement, limene linalimbikitsa amayi a kumudzi kubzala mitengo kuti nkhuni ndi madzi zisawathaŵe. Mu 1998 zinadziŵika kuti zigawo za Karura zagaŵidwa mwamseri kwa anthu ofuna kumangapo nyumba zapamwamba, ndipo mitengo inali itayamba kale kugwa. Mayiyu ndi anzake sananyamule zida, ananyamula mbande. Pa 8 Januwale 1999, akufuna kubzala mtengo pachipata, anthu olembedwa ganyu yolondera malowo anawakwapula, ndipo iye anavulala m'mutu. Nkhaniyi inakwiyitsa anthu ambiri, ophunzira a ku yunivesite anatuluka m'misewu, ndipo pamapeto pake omanga aja anachoka. Mu 2004 Wangari Maathai analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, mayi woyamba wa mu Africa kuilandira. Anamwalira mu 2011.

Komabe kupulumutsa mitengo sikunali kutha kwa ntchito. Kwa zaka zingapo nkhalangoyi inali phanga la achifwamba, ndipo mayi wanzeru sakadayerekeza kuloŵamo yekha. Mu 2009 anthu okhala m'mbali mwake anapanga bungwe la Friends of Karura Forest, nagwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango. Anamanga mpanda wamagetsi, analemba alonda, ndipo ambiri mwa olembedwa ntchito anachokera m'midzi yosauka yoyandikana nayo. Mutu umodzi susenza denga. Ndi chifukwa chake tsiku limenelo ndinakumana ndi amayi akuyenda okha, ena akukankha makanda m'tingolo, ena a imvi ngati ine akupalasa mosatekeseka.

Kwa inu amene mwakhumbira kuyesa, kaya ku Karura kaya m'njira ya kumunda, nazi zimene ndinaphunzira. Pa timiyala musafinye buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi, chifukwa tayala limaterereka. Gwirani mabuleki onse aŵiri mofatsa musanafike pokhota. Matayala musawapope mpaka kuuma gwa, pakuti ofeŵerako pang'ono amagwira bwino nthaka ndipo sagwedeza msana. Chishalo chikwere kufika poti bondo lizitsala pang'ono kuwongoka phazi likafika pansi pa pedulo. Chitenje chimangidwe mokwezeka kuti chisakodwe mu tcheni, ndipo kumutu kukhale chipewa cholimba chotetezera. Lizani belu mukayandikira oyenda pansi, pakuti njira ndi yawonso. Ku Karura salola mabotolo apulasitiki ongotaya, choncho madzi tengerani m'botolo lokhalitsa. Ndipo mukapita m'miyezi ya Malichi mpaka Meyi, nyengo ya mvula yaikulu kumeneko, kumbukirani kuti walira mvula walira matope.

Pobwerera kwathu ndinaganiza za phiri la Ndirande, limene ambiri a ife tinaliona lili ndi mitengo, kenaka tinaliona lili mbee. Ndinaganizanso za nkhalango yotsala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa Lilongwe. Malo otere satsala okha. Amatsala chifukwa wina anakana kuti athe. Kodi kwanuko kulibe kankhalango, dambo kapena kanjira ka m'mbali mwa mtsinje kumene ana angaphunzirire njinga popanda kuopa galimoto? Mukamva kuti pakuikidwa zikhomo, musanene kuti ndi nkhani ya abambo. Kafunseni kwa amfumu kapena kwa akhansala, ndipo pitani muli gulu.

Ine nditafika kunyumba ndinatulutsa njinga ija ndi kuipukuta. Bambo a kunyumba anandiyang'ana modabwa, koma m'maŵa mwake anaitengera okha kwa wokonza njinga, amene anaika matayala atsopano ndi kuthira mafuta mu tcheni. Pa tala sindinabwererepo, ndipo sindikufulumira. Koma kuseri kwa dera lathu kuli njira yafumbi yopita kumadimba, ndipo Loŵeruka lililonse m'mamaŵa mudzandipeza kumeneko.