Galimoto Imalankhula

Bambo anga atamwalira anandisiyira Land Rover ya mtundu wa Series III, imodzi mwa zija zinkapangidwa ku England kuyambira 1971 kufikira 1985. Iwo ankakonda kunena kuti, "Mwananga, galimoto imalankhula, ndipo mwini wake ayenera kutchera khutu." Ine ndinkangoseka, osadziwa kuti mau a akulu akoma akagonera.

Chaka china, dzinja litangotha, ndinayamba kumva kugogoda kunsi kwa galimoto nthawi zonse posintha giya. Pambuyo pake anansi anandiuza kuti galimoto yanga ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Ndinawayankha kuti ndidzaikonza ndikagulitsa mtedza. Koma usiku wina mai a kunyumba anadwala mwakayakaya, ndipo tili pakati pa chitunda, popita kuchipatala, panamveka kuti thyo! Injini inalira ndithu, koma galimoto sinasunthe. Hafu shafuti, chitsulo chopereka mphamvu ku tayala lakumbuyo, inali itathyoka. Mumdimamo ndinakumbukira kachitsulo ka mutu wachikasu kamene bambo anandionetsa ndili mnyamata. Nditakakanikiza, matayala akutsogolo anayamba kukoka, ndipo tinafika pang'onopang'ono. Odwalawo anachira, koma ine manyazi anandigwira.

Sabata yotsatira ndinaitana makaniko wachikulire, ndipo ndinauza mwana wanga wa zaka 16 kuti akhale nafe. Mkuluyo anakana kulowa pansi galimoto ili pa jeke yokha, kufikira titaichirikiza ndi zitsulo zolimba ndi kupinga matayala akutsogolo. Atayang'ana anati, "Bambo, matenda alipo atatu, ndipo awiri munawamva kale."

Kugogoda kuja kunali kwa kamtanda kolumikiza pulopela shafuti, kamene kanadyeka chifukwa chosowa gilisi. Kuyenda chammbali kunachokera ku masipuling'i: bauti yapakati, yomanga mapale onse pamodzi ndi kusunga ekiselo pamalo pake, inali itaduka, motero ekiselo inasendera kumbuyo mbali imodzi. Tinamasula mabauti opindika aja ogwira ekiselo, tinapala dzimbiri pa mpale uliwonse, ndi kuika bauti ndi mabushi atsopano. Difu tinaitsitsa ndi kuitsuka bwino, pakuti tizidutswa ta chitsulo chothyoka tikatsalira timaswa mano ake. Titabwezera zonse ndi shafuti yatsopano, tinathira oilo wa EP90.

Mwana wanga anafulumira kuti amange mabauti a mabushi, koma mkulu uja anamgwira dzanja. "Dekha, mdzukulu wanga. Amenewa timamanga galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake konse. Ukamanga ili m'mwamba, labala imapotoka ndi kung'ambika msanga." Ntchito yonse inatitengera masiku atatu, ndipo ndalama zimene ndinalipira zinaposa kutali mtengo wa gilisi amene ndinaumira.

Makolo anzanga, musathamangitse ana pamene mmisiri akugwira ntchito pakhomo panu. Ndipo inu achinyamata, musanyoze chinthu chifukwa ndi chakale, kapena munthu chifukwa manja ake ada ndi oilo.

Mwezi watha tikuchokera kumunda, mnyamata uja anandigwira paphewa nati, "Ababa, taimani pang'ono, ndamva kanthu kumbuyoku." Ndinaima pomwepo, ndipo tonse awiri tinagwada m'fumbi kusuzumira pansi.