Mkanjo Woyera, Nkhope Yakuda

Filimu siiona ngati diso la munthu. Diso limaona mkanjo woyera ndi nkhope ya mwiniwake nthawi imodzi, koma filimu imafuna uisankhire chimodzi. Ntchito yanga yovuta kwambiri inkakhala tsiku la Idi pa Liwonde kapena pa Ntaja, azibambo akatuluka mumzikiti n'kundiimitsa dzuwa lili paliwombo: "Ojambula, tijambuleni pompano!"

Ukamvera kamera, imayeza kuwala kwa mkanjo, ndiye nkhope imatuluka bii, pansi pa chisoti mdima wokhawokha. Ine ndinkawapempha kaye kuti tisunthire patsinde pa mango, kenako ndinkayeza kuwala pa tsaya lawo ndi kamera yanga ya Yashica, n'kutsegulako lenzi kuti kuwala kulowe kochulukirapo. Chimene filimu sinachione mumthunzi, ngakhale utsuke bwanji sichibwera. Ukaunika negetivu pawindo n'kupeza pankhope pali mbee ngati galasi, dziwa kuti munthuyo wakuthawa.

Zotsalazo zinkachitikira m'kachipinda kamdima kuseri kwa situdiyo pa Balaka, ndi kababu kofiira. Kutentha kwa mu Okutobala kumafulumizitsa mankhwala, zoyera n'kupsereratu, choncho ndinkatsuka m'mamawa, botolo la mankhwala nditaligoneka mumtsuko. Powalitsa chithunzi papepala la Ilford, ndinkatchinga nkhope ndi kakatoni komangirira kuwaya, kwinaku ndikukagwedeza kuti kasasiye mkombero. Kenako ndinkafumbata manja, kusiya kampata koti kuwala kugwere pa mkanjo pokha mpaka makwinya a nsalu ndi ulusi wa pakhosi zitaoneka. Ukamiza pepalalo m'mankhwala, zimayamba kutuluka ndi nsidze ndi ndevu, masaya pambuyo.

Zithunzi za mitundu zitafika, filimu tinkaitumiza ku Blantyre pa basi, ndipo makina ankatsuka zonse mofanana. Kampani ya Kodak kwa zaka zambiri inkayezera mitundu yake pa chithunzi cha mzimayi wachizungu, nchifukwa chake nkhope zathu zinkabwerako zili ngati zopakidwa mwaye. Mafoni a lero apita mbali inayo: amawalitsa paliponse, munthu n'kuoneka wopanda mphuno. Kwa ine mthunzi wabwino ndi wakuda ndithu, koma ukauyang'anitsitsa umapezamo khutu.

Ngati muli ndi manegetivu a makolo anu m'sutikesi, musawataye. Agwireni m'mphepete mokha, ndipo muwasunge mu envelopu pamalo pouma.