Basela pa msewu wa ku Harare

Kamba ndi chakudya cha munthu amene sakudziwa ngati kutsogolo akapeza womuninkha madzi. Agogo athu amene ankapita wapansi ku Salisbury ndi ku Joni, aja ankatchedwa a selefu chifukwa sadadzere kwa Wenela kapena kwa Mthandizi, ankasenza ufa, kampoto ndi mtedza wokazinga, podziwa kuti pakati pa Mwanza ndi Mutoko alibe mbale. Mwambowu sudathe. M'mabasi a ku Joni fungo la nkhuku yokazinga ndi mpunga wa m'kontena limayamba basi isanatuluke n'komwe m'tauni, ndipo mayi anga mpaka lero salola mwana wawo kuwoloka malire alibe chigumu m'chikwama.

Chigumucho ndimalandira ndi manja awiri, koma njala yanga ndimasungira za m'njira. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo mtanthauziramawu amandiuza mosavuta kuti nsima ku Mozambique ndi xima, ku Zimbabwe ndi sadza. Chimene sandiuza n'chakuti mawuwo amasinthira pati, ndani amawayankhula, nanga amawayankhula bwanji kwa mlendo wanjala. Zimenezo zimamveka pa chiwaya, pamene munthu waima ndi ndalama m'manja n'kumaloza nthuli.

Mu Julayi ndidali ndi msonkhano wa omasulira ku Harare. Alamu anga, amene adayendetsa malole zaka zambiri asanayambe geni yawoyawo, adali ndi ulendo wa komweko pa kagalimoto kawo. Njira yachidule yochokera ku Lilongwe ndi ya pa chipata cha Dedza, koma iwo adali ndi katundu wokatula ku Mwanza, choncho tidatsika ndi M1. Tisanafike pa Nathenje adali atandipatsa kale malamulo awo atatu.

"Alamu, tizidya pamene paima malole, chifukwa dalaivala akadwala pamalo sabwereranso ndipo amauza anzake. Tizidya chimene tachiona chikuchoka pamoto. Ndipo musanayang'ane mphika, yambani mwayang'ana madzi."

Tidayamba kuima pa Lizulu, m'boma la Ntcheu. Pamenepo msewu ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique, ndipo munthu amawoloka dziko pofuna kungosinthitsa ndalama ya chenje. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, mgwirizano wa mtendere usanasainidwe ku Rome mu 1992, Malawi adasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri adakhala m'midzi ya m'malire muno pakati pa abale awo a Chingoni ndi a Chichewa. Lero kachewere, kabichi, karoti ndi anyezi zimene zimaunjikidwa pa Lizulu zimachokera m'minda ya mbali zonse ziwiri, ndipo palibe wofunsa kuti mbatata iyi ndi ya dziko liti. Mnyamata wa pa chiwaya ankasenda kachewere ali pomwepo, n'kumuponya m'mafuta owira pakati pa chitsulo, nyama ya mbuzi ndi nthumbwana zikudikira m'mbali. Tidadya chiimire, tikutola ndi timitengo, tikusunsa mu mchere ndi tsabola wa kambuzi. Titalipira, adatola nthuli ziwiri zing'onozing'ono n'kuzikankhira kwa ife. "Ka basela, mabwana." Ena kwathu amati pulayizi.

Pa Zalewa tidakhotera kumadzulo. Julayi ndi nyengo ya manachesi, ndipo ku Mwanza adali m'madengu mpaka m'mphepete mwa phula. Titawoloka pa Zóbuè, chinthu choyamba kusintha chidali buledi. Ana ankayenda ndi mabeseni a pão, timikate ta khungu lolimba topanda shuga, timene timang'ambidwa ndi manja. Chilankhulo chokha chidatsalira. Mayi amene adatigulitsa ankayankhula Chichewa chomwe ndimayankhula ine, kungoti mitengo ankatchula m'Chipwitikizi. Manambala ndiwo amayamba kugonja kwa mzungu: kwathunso ndani amatchula mtengo wa tomato m'Chichewa?

Kuchoka pamenepo msewu umatsika m'mapiri, mpweya n'kumatentha, milambe n'kumachuluka. Tidadutsa Moatize, tauni ya malasha, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, umene udatha kumangidwa mu 1973. Malole olemera adawasamutsira ku mlatho wa Kassuende mu 2014, ndipo alamu adati malo ena odyera amene ankawadziwa adatsatira malolewo. Ife tidapeza chisakasa cha malata kuseri kwa msika wina mumzinda wa Tete, pamene mayi wina wachikulire ankaotcha mbuzi pa makala.

Mbuzi ya ku Tete ili ndi mbiri. Imadya masawu ndi malambe m'tchire louma la m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu 2018 dziko la Mozambique lidalembetsa dzina lakuti Cabrito de Tete m'kaundula wa malonda, kuti wina asagulitse mbuzi ya kwina pa dzinali. Mayiwo za kaundula sadatchule. Adatiikira nyama yonona pang'ono, nsima yoyera ya ufa wosalala, ndi kambale ka piripiri wothira mandimu. Pambali padali nsomba zouma zamchere za ku Chicoa, zochokera m'nyanja ya Cahora Bassa.

Ndidapempha mchere. Adandiyang'ana kaye, kenaka adaseka n'kunena kuti, "Munyu." Iwo ankayankhula Chinyungwe, ine Chichewa, ndipo tinkamvana pafupifupi zonse: madzi ndi madzi, mbuzi ndi mbuzi, moto ndi moto. Koma mchere udatsala kumapiri kuja. Kuyambira pa Tete mpaka ku Harare ndi munyu, chifukwa Chishona nachonso chimatero. Mapu a zilankhulo amajambula mzere umodzi wakuda pakati pa Chichewa ndi Chinyungwe, wina pakati pa Chinyungwe ndi Chishona. Pa msewu mizereyo ndi yambirimbiri, liwu lililonse lili ndi malire akeake, ndipo ambiri sagwirizana ndi zipata zodindira mapasipoti.

Liwu limodzi lidawoloka zipata zonse. Titamaliza kudya, mayiwo adadula kachiwindi n'kutiikira m'mbale. "Bacela," adatero. Ku Zimbabwe ndidakalimva ngati mbasera, ndipo anzathu a ku Zambia amati mbasela. Kwathu timati kupatsa n'kuika, ndiye kuti wogulitsa amawonjezera kuti mawa ubwerenso. Koma ine ndidali wodutsa, ndipo iwo ankadziwa. Ndidawafunsa kuti, "Mayi, mukundipatsiranji ine woti simudzandionanso?" Yankho lawo, m'mene ndidalimvera, lidali lakuti: "Mwanangu, iwe sudzabwera, koma msewu ukubwera tsiku ndi tsiku." Ankatanthauza kuti kasitomala wawo ndi onse oyenda pa msewuwo, ndipo aliyense wa ife amanyamula mbiri ya chisakasa chawo kupita nayo kutsogolo. Lamulo loyamba la alamu lija, la kudya pamene paima malole, iwo ankalidziwa ali mbali ina ya mphika.

Lamulo lachitatu lidagwira ntchito madzulo, pamalo ena kupitirira Changara. Nkhuku inkanunkhira bwino, ndipo ine ndidali nditakhala kale pa benchi. Alamu adasuzumira kuseri n'kubwerako. "Tiyeni, alamu. Tigule masawu basi." M'galimoto adandifotokozera kuti beseni losambira m'manja lidali limodzi, madzi ake otuwa, ndipo mbale zinkatsukidwa momwemo. Mtsikana wogulitsayo sadali wauve. Dera limenelo ndi louma, madzi amagulidwa pa chigubu, ndipo chigubu chilichonse chimadya phindu la mbale zingapo.

Nkhani ya madziyi si yocheza. Kolera amene adabuka ku Malawi mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyeyo. Ku Zimbabwe mliri wa mu 2008 ndi 2009 udapha anthu oposa 4,000, ndipo udabweranso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro mu Harare. Choncho amene amandiuza kuti amaopa kudya za m'misika sindimuseka. Amadziwa maliro amene akunena.

Chimene chimandivuta ndi momwe akuluakulu a mizinda yathu amayankhira. Mliri ukabuka, chinthu choyamba ndi kuletsa malonda a zakudya zophikaphika ndi kuthamangitsa mavenda. Zidachitika ku Lusaka mu 2018, ku Harare chaka chomwecho, ndi kwathu. Kachilombo ka kolera kamafa ndi moto. Nyama imene yangochoka m'mafuta owira siikhala nako. Kamayenda m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi, m'manja osasamba, m'saladi wotsukidwa ndi madzi a pa chithaphwi. Wogulitsa mumsika amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, ndipo m'misika yambiri imene ndadyamo tikitiyo siibweretsa mpopi kapena chimbudzi chogwira ntchito. Kuthamangitsa mayi wa mphika n'kotsika mtengo kuposa kukoka paipi, ndipo kumaoneka pa nyuzi madzulo omwewo. Mliri ukatha amabwerera pamalo pomwepo, madzi ali omwe aja, atangotaya mpamba wake.

Pali njira ina imene ikumuchotsa mwakachetechete. Mabasi akuluakulu a maulendo ataliatali amakonda kuima pa malo omwetsera mafuta, pamene pali sitolo ya magalasi ndi nkhuku ya m'kabokosi. Ndi paukhondo, zimbudzi zilipo, ndipo sindinganame kuti sindilowamo. Koma ndalama ya pamenepo imapita ku likulu la kampani, ndipo mtsikana wa pa kauntala ngakhale atakukonda bwanji sangakuwonjezere nthuli, chifukwa makina adawerenga kale. Pa chisakasa cha ku Tete ndalama yanga idapita kwa mwini mbuzi, wootcha makala, wa chigayo ndi mwana wotunga madzi, onse okhala pa mtunda woyenda wapansi kuchokera pamene ndidakhala.

Tidagona ku Nyamapanda titawoloka kuchokera ku Cuchamano. M'mawa tidadutsa Mutoko, kumene tomato amaunjikidwa m'mabokosi a matabwa m'mbali mwa msewu, ndipo masana tidali pa Mbare Musika mu Harare. Kumeneko tidadya sadza ndi mazondo, amene kwathu timati mang'ina, ndi masamba a covo. Sadza ndi yolimbirapo kuposa nsima ya ufa woyera wa kwathu, chifukwa chimanga chake sichiviikidwa m'madzi masiku angapo monga timachitira ife.

Ku Zimbabwe basela ali ndi ntchito ina. Ndalama ya dziko, ZiG, idayamba mu Epulo 2024, koma pa msika anthu ankafuna dola ya ku America, ndipo makobidi a dolayo sapezeka. Ukagula cha theka la dola, chenje chimabwera ngati kapaketi ka maputi, chimanga chokazinga chophulika, kapena nthochi ziwiri. Mayi amene adatiphikira ankasiyanitsa zinthu ziwirizi mosamala. Adandipatsa maputi n'kunena kuti chimenecho n'chenje, ngongole yake kwa ine. Kenaka adathira msuzi wina ndi kafupa pa sadza yanga n'kunena kuti imeneyo ndiyo mbasera.

Atamva tikuyankhulana ndi alamu, mnyamata wotsuka mbale adatiyandikira. "Muli bwanji, achimwene?" Agogo ake adachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa famu ya fodya ndipo sadabwererenso, mmodzi wa matchona aja. Iye ku Malawi sadafikeko. Chichewa chake chidali cha moni, cha maliro ndi cha gule, koma mayina a ndiwo ankawadziwa onse: chisoso, nkhwani wotendera, usipa. Adafunsa ngati tidanyamulako usipa. Tidalibe. Ndidamupatsa theka la chigumu cha mayi anga, ndipo adakagawana ndi mayi wophika uja.

Pa msonkhano, tsiku lachiwiri, tidapatsidwa kankhani kakafupi koti aliyense amasulire m'chilankhulo chake ndi m'Chingerezi. M'kankhanimo mudali wogulitsa wowonjezera tomato mmodzi pa mulu. Wa ku Maputo adalemba bacela, wa ku Lusaka mbasela, wa ku Harare mbasera, ine basela, ndipo palibe adataya mphindi. Pa Chingerezi ndi pamene tidakhalitsa. Liwu lina limene tidayesa limanena za kuchotsera mtengo, lina za mphotho ya wantchito, lina za mphatso yokopera malonda imene kampani imalengezeratu. Palibe limene limanena kuti wopereka ndi wosauka kuposa wolandira, kuti amasankha yekha, ndiponso kuti amapereka ndalama italowa kale m'thumba. Tidagwirizana kulisiya momwe lilili n'kulola chiganizo chotsatira kuti chilifotokoze.

Pobwerera tidaimanso kupitirira Changara, chifukwa alamu ankafuna malambe a ana. Mtsikana uja adali pomwepo ndi nkhuku zake. Alamu adatsitsa chigubu cha malita 20 chimene adatunga ku Nyamapanda, adamuthirira m'ndowa yake, n'kumuonetsa kuti azitithirira ndi kapu m'manja, osati tonse kuviika m'beseni limodzi. Nkhuku idachoka pamoto tikuona, ndipo tidadya.