Kiyi wa bokosi la agogo

Mwezi wathawu mlembi wa nkhani ino atapita kwawo ku Dedza, anapeza bokosi lachitsulo la agogo ake lili pakhonde, nkhuku ikuikiramo mazira. Loko palibe. Penti yobiriwira inasupuka kalekale, koma dzina la malemu agogo aamuna likuwerengekabe pachivundikiro. Mtima unamuwawa, pakuti bokosi limeneli ndilo linkasunga chuma cha mbumba yonse.

Linachokera ku Joni. Agogo aamuna anali mmodzi wa amuna zikwizikwi amene ankapita kumigodi ndi WENELA, ndipo anabwerako komaliza ndege ya WENELA isanagwe ku Francistown mu 1974, ngozi imene inachititsa Kamuzu kuimitsa maulendowo. Anafika pamudzi ndi njinga, mabulangete, wailesi ndi bokosilo. Pansi penipeni, kunsi kwa nsalu zovala pa Khirisimasi, panali kachitini ka tiyi. M'menemo ndimo munali mphete yaukwati, ndolo ziwiri, zibangili zamkuwa, wotchi ya agogo aamuna, ndi mikanda imene agogo aakazi analandira kwa mayi awo. Ina mwa mikandayo inali ya m'chiuno, yoti mwana asaione n'komwe.

Kiyi ankakhala pamfundo ya nsalu ya agogo aakazi, usana ndi usiku. Akafuna kutsekula ankayamba apirikitsa ana: "Tulukani inu, kasewereni panja." Mlembiyu, ali kamnyamata, ankasuzumira pamng'alu wa chitseko. Akukumbukabe kulira kwa chivundikiro chija, fungo la sopo wa Sunlight lotuluka m'nsalu, ndi agogo atatambalala pamphasa, akuwerenga mikanda ndi chala ngati akuwerenga zidzukulu.

Zinali zaka za m'ma 1980, zaka zokoma pamudzi paja. Usiku chitseko chinkatsekedwa ndi mpiringidzo. Masana popita kumunda ankangochikoka n'kukoleka kawaya pamsomali, basi. Panali kagalu kowonda, ndiponso mbiri yoti nyumba zina n'zotsirika, wakuba akalowamo amachezera kusesa pabwalo mpaka eni ake atamupeza kutacha. Ana ankakhulupirira, akuluakulu osatsutsa.

Koma mlonda weniweni anali maso a mudzi. Ndolo za agogo zinkadziwika ngati nkhope yawo. Woziba akanazivala kuti? Kutchalitchi, kuchigayo, pamaliro, pachitsime, amayi akanangoyang'ana kamodzi n'kuzizindikira, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani ikanakhala ili pabwalo la amfumu. Wogula naye akanasowa, chifukwa katundu wa mnzako wodziwika chonchi ankaotcha m'manja.

Inde, nthawi imeneyo inali ndi zowawa zake. Anthu ankanjenjemera ndi apayoniya, wopanda khadi ya chipani ankabwezedwa pamsika, ndipo akuba nkhuku ndi mbuzi sanasowepo. Mlembiyu sakukana. Chimene akudziwa n'chakuti agogo ake ankagona tulo tofa nato, bokosi lili kumiyendo kwa bedi.

Zinthu zinayamba kutembenuka nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, pamene mfuti zinayamba kumveka m'manja mwa mbava. Pofika zaka zotsatira chisankho cha 1994, m'matauni mipanda ya maluwa inali ikusanduka ya njerwa, pamwamba mabotolo osweka, kenako waya wamagetsi. Owotcherera zitsulo anapeza msika wa mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Lero munthu amatha zaka osadziwa dzina la wokhala kuseri kwa mpanda wake, nanga ndolo za mkazi wake angazidziwe bwanji?

Agogo aakazi atamwalira, kachitini kaja kanatsata kuchikazi monga mwa mwambo, mpaka kanafika kwa mchemwali wake wa mlembiyu ku Lilongwe. Nyumba yake ili ndi geti, maloko atatu ndi zitsulo pawindo lililonse. Komabe tsiku lina akuba analowa dzuwa likuswa mtengo, onse ali kuntchito. Sanataye nthawi pabalaza. Analunjika kuchipinda, n'kutembenuza matiresi, kukhuthula wadirobu, ndipo kachitiniko anakapeza pomwe aliyense amabisa, pansi pa zovala. Mphete, ndolo ndi wotchi zinapita. Apolisi atafunsa chithunzi kapena risiti yoti azindikirire katunduyo, panalibe. Mphete masiku ano imangoikidwa pasikelo, mawa yasungunulidwa, dzina la mwini wake lathera pamoto.

Mikanda yokha anaimwaza pansi, poona kuti ilibe mtengo. Mchemwaliyo anaitola umodziumodzi atagwada, misozi ili chuchuchu, n'kuitunganso ndi ulusi watsopano.

Kuyambira pamenepo anasintha kasungidwe. Kalikonse kamtengo anakajambula pafoni n'kutumiza zithunzi kwa abale, sasunganso zonse pamodzi, kuchipinda chogona sasiyako kanthu, ndipo akachoka pakhomo salengeza pa Facebook. Anadziwananso ndi oyandikana nawo, moti tsopano amasiyirana makiyi.

Bokosi lija mlembiyu analikwecha, kulipaka penti ndi kuligulira loko watsopano pamsika wa Dedza. Mikanda inabwerera m'menemo, ndipo kiyi ali pamfundo ya nsalu ya amayi ake aang'ono.