Kompyuta inandichenjeza, ine sindinawerenge

Lero ndikuuzeni za manyazi amene ndinachita chaka chatha.

Pasukulu pathu kuno ku Angónia tili ndi kompyuta imodzi yokha ya patebulo, ndipo imakhala ku sekeretariya. Ndi ya Windows 10, ndipo zonse imalemba m'Chipwitikizi. Mphunzitsi aliyense ali ndi dzina lake lolowera komanso senha yake. Mu Novembala, nthawi yotseka mapauta, timachita kudikirirana pakhomo ngati kuchigayo.

Lachiwiri lina madzulo ndili pakompyutapo, kunabwera mvula ya mphezi, magetsi n'kuthima. Kompyuta inazima yokha. Sindinade nkhawa chifukwa pauta ndinali nditasunga kale. Lachitatu nditaweruka ndinalemba senha yanga. Inatenga nthawi kuti itseguke, kenako panatuluka kabokosi kali ndi mizere ingapo ya mawu. Ndinachita zimene ndinazolowera kuyambira ndili ku IFP: ndinadina Fechar osawerenga n'liwu limodzi lomwe.

Pagalasi panali poyera. Chithunzi cha mwana wanga chimene ndinaika kumbuyo panalibe. Foda ya kalasi yanga panalibe. Pauta ya ana 58, imene ndinailemba sabata yathunthu, panalibenso. M'mimba munatentha. Panja aphunzitsi awiri ankadikira, ndipo sindinafune kuti mbiri imveke yakuti ine ndaononga kompyuta ya sukulu. Ndinatulutsa kope langa la malikisi mwakachetechete, n'kuyambanso mwana mmodzimmodzi, phunziro ndi phunziro. Zinanditengera maola 3. Ndinasunga pagalasi pomwepo, ndinatseka, n'kupita kunyumba kutada, ana atagona osandiona.

Lachinayi m'mawa, kabokosi komweko. Ndinadinanso Fechar. Pauta yakale palibe, yatsopano ija nayonso palibe. Linali tsiku lopereka kwa adirekitori.

Apa m'pamene ndinaimbira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi, yemwe pano amaphunzitsa za makompyuta kusekondale.

"Achimwene, kompyuta yameza pauta yanga kawiri."

"Pepani achemwali. Mukamalowa ikulemba chiyani?"

"Ikungokana basi."

"Kukanako ndamva. Ndikufuna mawu ake. Tulukani, mulowenso, mundiwerengere pang'onopang'ono."

Ndinawerenga mokweza. Iye anati, "Tsopano ndiuzeni m'Chichewa, ngati mukufotokozera mwana wa kalasi yanu." Nditayamba kumasulira, mawu anandithera pakamwa. Kabokosiko kankanena kuti kompyuta yalephera kundilowetsa pamalo panga, ndipo kankachenjeza kuti chilichonse chimene ndingalembe pamenepo chidzatayika. Inandiuza Lachitatu lomwe lija, m'chilankhulo chimene ndimaphunzitsa ana a anthu tsiku lililonse. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine phula langa ndinadya chifukwa chosawerenga.

Mnzangayo anandifotokozera chonchi. Aliyense wolowa pa Windows ali ndi perfil yake, ngati chipinda chake m'nyumba ya anthu ambiri. Mmenemo ndi mmene mumakhala mafoda ako, chithunzi chako ndi zonse zimene unakonza. Magetsi akathima mwadzidzidzi, fayilo imene imatsegula chipindacho ikhoza kuonongeka. Zikatero kompyuta imakulowetsa m'chipinda cha alendo, chimene imachitcha perfil temporário, ndipo imachisesa ukangotuluka. Katundu wa m'chipinda chako chenicheni nthawi zambiri amakhala ali bwinobwino, chitseko chokha n'chimene chavuta.

Anandiuza kuti ndidine Reiniciar, chifukwa nthawi zina zimatheka ndi zomwezo. Tinayesa kawiri, osatheka. Kenako anati nditsegule Disco Local (C:), ndilowe mu Utilizadores, ndipeze foda ya dzina langa, ndipo mkati mwake nditsegule Ambiente de Trabalho. Pauta yanga yoyamba inali momwemo, ana onse 58. Ndinaikopera pa fulashi manja akunjenjemera. Ya maola 3 ija inapita mpaka kalekale. Loweruka iye anabwera panjinga yamoto, anandipangira dzina lolowera latsopano n'kusamutsira mafayilo anga kumeneko.

Tsiku limenelo tinakhala naye pansi aphunzitsi anayi, aliyense n'kuulula kabokosi kamene kamamuopsa. Zinapezeka kuti zambiri n'zazing'ono.

Ikanena kuti senha ndi yolakwika koma inu mukudziwa kuti simunaiwale, musabwereze kambirimbiri, chifukwa makompyuta ena amakutsekerani kunja mukalakwitsa kangapo. Yang'anani kaye Caps Lock, popeza senha imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Yang'anani Num Lock ngati manambala mumalembera kudzanja lamanja. Ndiye yang'anani pansi pa galasi chakumanja, pamene pamalembedwa POR kapena ENG. Wina akasintha pamenepo, zizindikiro zimasamuka. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi, @ imatuluka ndi AltGr ndi 2, pamene pa ya Chingerezi cha ku America imatuluka ndi Shift ndi 2. Mphunzitsi wina wachikulire anakhala masiku awiri akuganiza kuti mutu wayamba kumuthawa, chikhalirecho vuto linali tizilembo titatu timeneti.

Galasi likakhala lakuda n'kulemba kuti Sem sinal kapena No signal, ndiye kuti silikulandira kanthu kuchokera ku bokosi la kompyuta. Onani ngati bokosilo layaka, kenako gwirani chingwe cha kumbuyo, chija cha mutu wa buluu ndi tizomangira tiwiri. Kwathu chimakhwepa nthawi zonse akasuntha tebulo posesa.

Ikamadandaula za tsiku ndi ola poyaka, n'kumafuna kuti mudine F1, kawirikawiri ndi kabatire kamkati kooneka ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kamene katha mphamvu. N'kotchipa, ndipo wodziwa amasintha m'kanthawi kochepa.

Pauta ndinapereka Lachinayi lomwelo dzuwa litapendeka, ndipo adirekitori sanandifunse zambiri. Koma chinthu china chinandikhala mumtima. M'kalasi mwanga muli kamtsikana kamene ndikafotokoza m'Chipwitikizi n'kufunsa ngati amva, kamayankha msanga kuti "Sim, senhora professora," maso ali pansi. Ndinkakwiya nako ndikaona kope lake. Tsopano ndikukamvetsa. Kamafuna kuti funso lichoke pamaso pake, monga mmene ine ndinkafunira kuti kabokosi kachoke pamaso panga. Masiku ano sindikafunsanso ngati kamva. Ndimati, "Tandiuza m'Chichewa zimene ndanenazi."

Pakhoma la ku sekeretariya tinamata pepala lolembedwa ndi maka, m'chilankhulo chathu: "Kabokosi kakatuluka, usadine msanga. Werenga mokweza. Jambula ndi foni. Ukaona pagalasi poyera, usasungepo kanthu. Pauta izikhalanso pa fulashi." Abambo a ku sekeretariya anaseka poyamba, koma sabata yatha ndinawapeza akuwerengera kompyuta mokweza, chala chili pagalasi.

Nanga kwanuko, kompyuta ya kusukulu imakulemberani zotani mukamalowa? Jambulani mutumize pansipa, timasulire limodzi.